Mbiri Imene Amayi Analemba pa Miyala

Amayi anzanga a kwa Mkanda, anthu akamakamba za mbiri ya makolo athu, kawirikawiri amatchula mabuku a azibambo: Mbiri ya Achewa la Samuel Josiah Nthara, kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe. Mabukuwa ngabwino ndithu, ndipo mayi aliyense wodziwa kuwerenga ayenera kuwawerengera ana ake. Komatu pepala ndi inki zisanafike m'dziko muno, amayi Achichewa anali atayamba kale kulemba, ndipo ankalemba pa miyala.

M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi za m'mapanga, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zithunzi zofiira n'za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza kuno. Zoyera n'za Achewa eni ake, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera. Zina mwa zoyerazi n'za nyau, koma zambiri zimaoneka ngati buluzi wotambasula miyendo kapena chikopa choyanika padzuwa, pamodzi ndi njoka, madontho ndi mizere yozungulira. Izi n'za chinamwali.

Mayi Leslie Zubieta, katswiri wa zinthu zakale, anafufuza phanga la Mwana wa Chentcherere nacheza ndi amayi achikulire a m'deralo. Anapeza kuti anamkungwi ankagwiritsa ntchito zithunzizo pophunzitsa anamwali, kuti mwambo umene wamva ndi khutu, mtsikana auonenso ndi maso ndipo asauiwale. Zina zimafanana ndi chingondo, choumba chadothi chija chimene namwali amavala kumutu. Tanthauzo la chithunzi chilichonse sitingalilembe pano, pakuti za m'tsimba siziyalidwa m'nyuzipepala. A kwa namkungwi atimva.

Nkhaniyi si ya ku Dedza kokha. Kutsidya kwa malire, kumene ambiri a ife tili ndi azakhali ndi atsibweni, kuli mapanga a Thandwe kufupi ndi Chipata ndi Kalemba ku Chadiza, amene alinso ndi zithunzi zoyera. Ojambulawo sankadziwa za Malawi kapena Zambia. Anali a mtundu umodzi womwewu umene umakumanabe pa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti.

Luso la azibambo linayenda mwayi. Gule Wamkulu anavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo mu 2019 anthu a m'maiko akutali anamuona m'kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind, wa Chiwetel Ejiofor, wojambulidwa ku Kasungu. Gule akuvinidwabe, ndipo nyau ikatha amaumba ina. Za amayi n'zosiyana: kujambula m'mapanga kunaleka m'zaka za m'ma 1900, kotero chithunzi chikafafanizika palibe wobwezerapo.

Ndipo zikufafanizika. Anyamata amalemba maina awo ndi makala ndi choko pamwamba pa zithunzizo, osaka mbewa ndi abusa amasonkha moto m'mapanga utsi nudetsa mwala. Amene amadziwa tanthauzo lake nawonso akutha m'midzi.

Mukapita kukatola nkhuni kapena kukazula bowa m'mapiri a Mchinji n'kuona zojambula pa thanthwe, musazitsuke ndi madzi, musazikhudze, ngakhale kuzipaka kuti zioneke bwino. Kauzeni a mfumu, iwo adziwitse a nthambi ya boma yoyang'anira zinthu zakale ku Lilongwe.