Sefa ya Suweji ndi Madzi a ku Bangula

Mabanja ambiri a ku Bangula, m'boma la Nsanje, amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, komabe moyo wawo umakhudzidwa ndi suweji ya ku Blantyre, chifukwa mitsinje ya mumzindawo, monga Mudi, imatsetserekera mu Shire, yemwe amadutsa m'dambo la Elephant Marsh asanafike ku Bangula, komwe anthu amachapa, kuwedza ndi kumwetsa ng'ombe.

Suweji ndi madzi onyansa ochokera m'zimbudzi zogejemula, m'mabafa ndi m'mafakitale. Akafika kumalo owayeretsera, monga a ku Soche ndi ku Limbe, omwe amayendetsedwa ndi khonsolo ya mzinda, ntchito yoyamba ndi kuwasefa. Sefayo ndi mzere wa zitsulo zoimikidwa mopendekeka m'ngalande, zotalikirana masentimita ochepa, kotero kuti madzi amadutsa koma majumbo, matewera, nsanza, makondomu ndi zisononkho za chimanga zimakodwa. Wogwira ntchito amakokera zinyalalazi pamwamba ndi chokokera cha mano achitsulo, kuzisiya kuti zikhe madzi, kenaka kuzikwirira.

Zitsulozi zikabedwa, zikadyedwa ndi dzimbiri kapena zikapanda kuyeretsedwa, zinyalala zimatseka mipope ndi kuwononga makina opopera, ndipo zonyansa zimasefukira mumtsinje zisanayeretsedwe. Vutoli limakula nthawi ya dzinja, monga zinaonekera mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anasefukitsa mitsinje ya kum'mwera dziko lili mkati molimbana ndi kolera. Choncho ndalama zokonzera sefa ku Blantyre zimatetezanso anthu a m'chigwa cha Shire.