Masipika asanu koma nyimbo ya njira ziwiri: zomwe mlimi ayenera kudziwa asanagule home theater

CHIDZOLOMONDO, Macanga. Nyengo yogulitsa fodya, chimanga ndi mbatatesi ikafika, mabanja ambiri m'maboma a Macanga ndi Tsangano amafuna kuti m'nyumba mulowe chinthu chatsopano. Akagula feteleza ndi malata, chotsatira chimakhala choimbira. M'masitolo a ku Furancungo, ku Ulongwe, mumzinda wa Tete, ngakhalenso tsidya lina ku Lizulu ndi ku Dedza, mumapezeka makatoni akuluakulu olembedwa kuti "home theater", "5.1" kapena "Surround".

Wogula akafika nacho kunyumba amayala masipika onse, n'kulumikiza foni pa Bluetooth. Phokoso limamveka ndithu, koma sipika iliyonse imangobwereza zomwe inzake ikuimba. Zija ankayembekezera, zoti ng'oma imveke kumbuyo ndipo woimba amveke kutsogolo, sizichitika. Ena amaganiza kuti choimbiracho ndi chakufa, pomwe nthawi zambiri vuto limakhala njira imene nyimboyo yadutsa kuchokera pa intaneti kufika m'masipika.

Mmene makutu amadziwira kochokera mawu

Munthu amene waimapo pabwalo la Gule Wamkulu amadziwa kale tanthauzo la mawu ozungulira. Mbalule ndi mpanje zimalira mbali imodzi, amayi oimba ndi kuomba m'manja ali mbali ina, ndipo nsindo za wovina zimayenda pakati pa bwalo. Ngakhale atatsinzina, munthuyo angaloze komwe chilichonse chili.

Izi zimatheka chifukwa munthu ali ndi makutu awiri. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Akachokera kumanja, amayamba kufika kukhutu la kumanja, ndipo kukhutu la kumanzere amafika mochedwerako pang'ono komanso atachepa mphamvu chifukwa mutu wawatchinga. Kapangidwe ka khutu lakunja nako kamasintha mawu ochokera kumwamba ndi kumbuyo. Ubongo umasonkhanitsa zonsezi n'kudziwa kochokera mawuwo. Akatswiri a zoimbira akhala akuyesetsa kutsanzira zimenezi kwa zaka pafupifupi 100.

Mono, sitiriyo ndi 5.1

Mawu ojambulidwa amayenda m'njira zotchedwa matchanelo, monga mmene madzi amayendera m'ngalande za kudimba. Mono ndi ngalande imodzi: mawu onse amadutsa pamodzi, ndipo ngakhale masipika atakhala khumi, onse amatulutsa zofanana. Wailesi zing'onozing'ono za sipika imodzi zimagwira ntchito motere.

Sitiriyo ili ndi njira ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Katswiri wa ku Britain, Alan Blumlein, analembetsa luso limeneli mu 1931. Mpaka lero nyimbo zambiri padziko lonse zimatuluka mu sitiriyo. Wailesi ya FM nayo sipitirira njira ziwirizi.

Nambala ya 5.1 inatchuka chifukwa cha mafilimu ndi ma DVD. Chiwerengero cha 5 chikuimira masipika asanu: kumanzere, pakati ndi kumanja kutsogolo, ndi awiri cham'mbali chakumbuyo. Chiwerengero cha 1 chikuimira sabuwufa, chibokosi chotulutsa mawu a besi. Pa 5.1 yeniyeni njira zonse zisanu ndi imodzi zimanyamula mawu osiyana.

Kodi spatial audio ndi chiyani?

Mu 2012 kampani ya ku America ya Dolby inatulutsa luso la Dolby Atmos, ndipo filimu yoyamba kuligwiritsa ntchito inali Brave. Pa Atmos, wosakaniza nyimbo sauza gitala kuti ipite ku sipika yakutiyakuti. M'malo mwake amaipatsa malo m'chipinda: kutsogolo chakumanzere, kumbuyo, kapena pamwamba pa mutu. Nyimboyo imayenda ndi malangizo a malowo, ndipo makina a m'nyumba ndi amene amawerenga malangizowo n'kugawa mawu molingana ndi masipika omwe alipo. N'chifukwa chake pamakhala manambala atatu monga 5.1.2, pomwe 2 womalizayo akuimira masipika a kumwamba.

Kampani ya Sony ili ndi luso lake lofanana nalo lotchedwa 360 Reality Audio. Mu June 2021 Apple Music inayamba kupereka nyimbo za Dolby Atmos pansi pa dzina lakuti Spatial Audio. Tidal ndi Amazon Music nazonso zili ndi nyimbo zotere. Zonsezi ndi zolipira mwezi ndi mwezi, ndipo si nyimbo iliyonse yomwe ili nazo: oimba ndi akatswiri awo ayenera kuisakanizanso mwapadera mu situdiyo.

Pomwe unyolo umadukira

Kuti nyimbo ya Atmos imveke mozungulira m'nyumba, zinthu zinayi ziyenera kugwirizana. Nyimboyo ikhale yosakanizidwa mu Atmos. Pulogalamu yoimbira ikhale yopereka Atmos. Kachipangizo kolandira nyimboyo pa intaneti, monga Apple TV 4K kapena Fire TV, kakhale kotha kuitumiza. Pomaliza, ampulifaya kapena soundbar ikhale yomva Atmos, yolumikizidwa ndi chingwe cha HDMI. Chimodzi chikasowa, nyimbo imabwerera ku sitiriyo popanda kuchenjeza.

Unyolowu umaduka kawirikawiri pa Bluetooth. Bluetooth ya masiku onse yotumizira nyimbo imanyamula njira ziwiri zokha. Ngakhale foni itakhala yodula chotani, chofika ku choimbira ndi sitiriyo. Chimodzimodzinso chingwe cha AUX cholowa pabowo la mahedifoni, ndi zingwe ziwiri zija, chofiira ndi choyera.

Malo ena podukira ndi memore khadi ndi fulashi. Nyimbo za Lucius Banda, Black Missionaries, makwaya a kutchalitchi kapena marrabenta zomwe anyamata amaika m'mamemore pamsika, komanso zotumizirana pa WhatsApp, zambiri zimakhala za MP3. MP3 wamba sapitirira njira ziwiri. Choimbira cha masipika asanu chikalandira nyimbo yotere, chimangogawa njira ziwirizo kumasipika onse. Ma ampulifaya ena ali ndi luso monga Dolby Pro Logic II, lomwe limayerekeza mawu oyenera kupita pakati ndi kumbuyo. Zimakoma kumva, koma ndi kuyerekeza chabe.

Mtengo wa bandulo ndi netiweki ya m'malire

Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti 1 GB ingaimbe maola pafupifupi 17. Nyimbo ya Atmos pa intaneti imayenda pa 768 kbps kapena kuyandikira pamenepo, yomwe ndi pafupifupi 6 MB pa mphindi. Pamenepa 1 GB imatha m'maola atatu okha. Banja loimba nyimbo madzulo aliwonse lingamalize bandulo ya mwezi wonse sabata isanathe.

Palinso nkhani ya netiweki. M'midzi ya m'malire foni imatha kugwira Movitel, Vodacom kapena Tmcel pakhomo, koma munthu akakwera kaphiri n'kugwira Airtel kapena TNM ya ku Malawi. Netiweki ikafooka, nyimbo yolemera imadukaduka. Kwa amene amalipira pulogalamu yoimbira pa foni, nzeru ndi kutsitsiratu nyimbo pamalo pomwe netiweki ili yamphamvu, n'kumazimvera kunyumba popanda kudyanso bandulo.

Magetsi ndi mawatsi a pakatoni

Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechino cha Tete, midzi yambiri ya kutali ndi mawaya a EDM imadalira sola ndi batire. Batire ya 12 V ndi 100 Ah imasunga mphamvu yokwana 1,200 Wh, koma ya mtundu wa asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mwini wake akufuna kuti ikhalitse. Zotsala zogwiritsa ntchito ndi 600 Wh. Mwachitsanzo, wailesi ya kanema ndi choimbira zikamadya mawatsi 120 pamodzi, batireyo ingagwire maola asanu, osawerengera mababu, kutchaja mafoni ndi mphamvu yotayika mu inveta. Inveta zina zotchipa zimachititsanso kuti masipika azing'ung'uza.

Pamakatoni ena pamalembedwa mawatsi masauzande angapo, pambali pake pali zilembo za PMPO. Nambala imeneyi ndi yokopera ogula ndipo ilibe muyezo umodzi wovomerezeka. Yodalirika ndi ya RMS, yomwe imasonyeza mphamvu imene choimbira chingatulutse mosalekeza. Kachikwangwani ka kumbuyo kwa choimbira kamasonyezanso mawatsi omwe chimadya. Choimbira chodya mawatsi 60 sichingatulutse mawatsi 5,000 mosalekeza.

Denga la nyumba nalo lili ndi mbali

Ma soundbar ambiri a Atmos alibe masipika opachika kudenga. Ali ndi timasipika toloza kumwamba, toponya mawu ku siling'i kuti abwerere kwa womvera ngati akuchokera pamwamba. Izi zimafuna siling'i yosalala, yolimba komanso yosatalika kwambiri. Denga la udzu limameza mawuwo, ndipo la malata lopanda siling'i, pokhala lopendekeka ndi lamizeremizere, limawamwaza. M'nyumba zotere, ndalama yowonjezera yolipirira Atmos imapita pachabe.

Zoyang'ana m'sitolo

Wogula asakhutire ndi chithunzi cha pakatoni. Apemphe kuona kumbuyo kwa choimbira. Ngati pali mabowo olowetsera mawu awiri okha, ofiira ndi oyera, pamodzi ndi USB ndi Bluetooth, choimbiracho ndi cha sitiriyo ngakhale chili ndi masipika asanu. Cha 5.1 yeniyeni chimakhala ndi polowera HDMI, kapena optical, kapena mabowo asanu ndi limodzi olembedwa FL, FR, C, SL, SR ndi SW. Cha Atmos chimakhala ndi HDMI, kawirikawiri yolembedwa ARC kapena eARC, ndipo dzina la Dolby Atmos limapezeka pachoimbiracho ndi m'kabuku kake.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Wogulitsa aike filimu ya DVD yokhala ndi Dolby Digital 5.1, ndipo wogula aike khutu pa sipika iliyonse. Pa 5.1 yeniyeni mawu a olankhula amatuluka makamaka pa sipika ya pakati, pomwe za kumbuyo zimatulutsa mvula, mphepo kapena phokoso la galimoto, ndipo nthawi zina zimakhala chete. Masipika onse akamalankhula mofanana, palibe 5.1. Ndi bwinonso kutenga lisiti ndi kumvana za kubweza katundu, makamaka pogula tsidya lina la malire pomwe kubwerera kumafuna ulendo ndi kusinthitsa ndalama.

Kuyala bwino zomwe zilipo kale

Banja lomwe linagula kale lisadandaule, chifukwa kayalidwe kokha kamasintha zambiri. Anthu ambiri amaunjika masipika onse pashelefu imodzi pafupi ndi kanema, ndipo pamenepo ngakhale sitiriyo simveka. Masipika awiri a kutsogolo atalikirane mofanana ndi mtunda wochokera pa iliyonse kufika pampando wa womvera, ndipo akhale pa msinkhu wa makutu a munthu atakhala pansi. Ya pakati ikhale pansi kapena pamwamba pa kanema. Awiri otsalawo akhale m'mbali, chakumbuyo pang'ono kwa mpando. Sabuwufa ingakhale paliponse pansi chifukwa khutu silidziwa bwino kochokera besi, koma ikaikidwa pakona besiyo imakula. Waya wofiira alowe pofiira ndipo wakuda pakuda pa sipika iliyonse, chifukwa akasemphana besi imachepa. Mphasa, makatani ndi mipando ya nsalu zimachepetsa kubwereza kwa mawu m'chipinda cha simenti.

Amene akufuna kungolawa spatial audio angayambe ndi mahedifoni. Pa foni yotha Dolby Atmos, foniyo imasandutsa nyimbo kukhala njira ziwiri zokonzedwa mwapadera, imodzi ya khutu lililonse, motsanzira kuchedwa ndi kusintha kwa mawu komwe kwafotokozedwa kale. Izi zimagwira ngakhale pa mahedifoni a Bluetooth, koma sizimveka chimodzimodzi pa masipika a m'chipinda, chifukwa kumeneko khutu lililonse limamva masipika onse.

Makutu sagulidwa pamsika

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa chomvera nyimbo mokweza. Malinga ndi bungweli, munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mawu akakwera, nthawi yotetezekayo imatsika msanga. Ngati anthu awiri oyandikana ayenera kukuwa kuti amvane, voliyumu yapitirira. Kulira kwa m'makutu pambuyo pa ukwati kapena chionetsero cha vidiyo ndi chenjezo, ndipo makutu oonongeka ndi phokoso sabwerera mwakale. Ana ang'ono asamakhale pafupi ndi sabuwufa.

Kwa banja lomwe limamvera wailesi ya FM, nyimbo za mu memore khadi ndi za pa Bluetooth, masipika awiri abwino ndi sabuwufa imodzi ndi zokwanira, chifukwa zonse zomwe limamvera zili m'njira ziwiri. Choimbira cha 5.1 chili ndi phindu kwa woonetsa mafilimu amene ali ndi ma DVD kapena dikoda yotulutsa 5.1. Atmos imafuna magetsi odalirika, intaneti yamphamvu, ndalama yolipira mwezi uliwonse ndi nyumba ya siling'i. Pomwe zinayizi palibe, ndalama yotsalayo ingagule batire yabwino kapena thumba lina la feteleza wa dzinja likubwerali.