Madzi a m'boti salowera pomwe akuonekera

Ku Vubwi kulibe nyanja, koma usipa wouma wochokera ku nyanja ya Malawi sungakhale wachilendo m'dera lino loyandikana ndi Mchinji. Amene amaudya saganizako za mnyamata yemwe amachezera usiku wonse atagwira chigubu chodula pakati, kupungula madzi m'boti anzake akukoka chilimira. Ku Senga Bay, ku Msaka ngakhale ku Chembe, ntchito imeneyi ndi yachizolowezi. Boti la matabwa sililephera kulowa timadzi. Nkhani imakula pamene chigubu chayamba kuchepa mphamvu, madzi n'kufika m'mawondo, mwera ukuomba.

Apa alovi ambiri amathamangira kumata phula pomwe madzi adikha. Kumeneko n'kutaya phula. Madzi amatsetserekera kumunsi, kutsata nthiti za boti, n'kukasonkhana pakati kapena kumbuyo, pamene bowo lili kwina. Aliyense wogona m'nyumba ya malata akudziwa kuti dontho logwera pamphasa limayambira pamsomali umene uli patali.

Oyenda panyanja zamchere ali ndi mwayi: amalawa madziwo, akamva mchere amadziwa kuti boti labooka kunsi, akapanda kumva ndiye kuti ndi mvula. Panyanja ya Malawi lilime silithandiza, madzi onse ndi ozizira bwino, omweka. Choncho mmisiri wodziwa ntchito amayamba n'kukokera boti kumtunda, kuchotsa maukonde ndi matabwa opondapo, kulipukuta mpaka liume gwa. Akatero amawaza phulusa kapena ufa m'mphepete mwa matabwa, n'kulibwezera m'madzi. Pakapita kanthawi, paphulusapo pamaoneka kamzere konyowa. Iye amakatsata chokwera, osati chotsika, mpaka pomwe kathera. Ena amatembenuza njira: boti lili pamitengo kumtunda, amathiramo madzi n'kugona chagada kuona pomwe akudonthera. Njirayi imagwira, koma madzi akachuluka amalemera, n'kukankha matabwa kupita kunja, mpata umene kunalibe n'kubadwa.

Lovuta kwenikweni ndi boti louma padoko koma lolowa madzi paulendo. Matabwa a m'mwamba amakhala padzuwa, amauma n'kutalikirana. A kunsi amafufuma ndi madzi n'kugwirana. Boti likanyamula ukonde wonyowa, nsomba ndi anthu, limatsika, mpata wa m'mwamba uja n'kumira. Pofufuza pamafunika kulisenzetsa katundu ngati mmene limayendera. Kwina kokayikitsa ndi thabwa lakumbuyo lomangirirapo injini, chifukwa kunjenjemera kwa Yamaha kumamasula misomali pang'onopang'ono. Msomali wadzimbiri nawo umasiya kabowo kochepa kwambiri, koma kokwanira kutopetsa munthu usiku umodzi. Pakapezeka, amakhomerapo thonje kapena nsanza ndi tchizulo, n'kumata phula. Thabwa likafumbwa, kulibe kuchitira mwina, lichoke basi. Bwato losema lili ndi mavuto ake, ming'alu yotsata mtengo, ndipo zigamba za malata ndi pulasitiki zimene mumaziona pamabwato akale ndi umboni wake.

Sitima zachitsulo sizipulumuka. Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951, patangotha zaka zisanu sitima ya Vipya itamira pa 30 July 1946 ndi anthu 145. Musitima ngati Ilala, amakaniko amayang'anitsitsa pomwe chitsulo chozunguza chipalasiro chimatulukira kunja, mapaipi otunga madzi oziziritsa injini, ndi pansi pomwe dzimbiri limadya mwakachetechete. Pampu ikayamba kulira kawirikawiri kuposa kale, amadziwa kuti pena pake pafunika diso. Zimene sizingakonzeke sitima ili m'madzi zimadikira doko loyandama la ku Monkey Bay, lomwe limainyamula yonse kuti amisiri aone kunsi kwake.

Msodzi wa ku Msaka doko lotere alibe. Ali ndi mchenga, mitengo iwiri yogonekapo boti, ndi tsiku limodzi losapha nsomba, lomwe eni maboti ambiri amaliumira mpaka mwezi utawala, pamene usipa subwera kunyali ndipo alovi amakhala ali kumtunda kale.