Musabwere ndi dzina lokha

"Agogo athu anamenya nkhondo ku Burma, tikufuna tidziwe kumene anafika." Mawu otere ndimawamva kawirikawiri pa ntchito yanga yofufuza mbiri ya asilikali a Keyala, gulu lija azungu ankalitcha King's African Rifles, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Ndikafunsa kuti nambala yawo inali chiyani, ambiri amangoti kakasi.

Ku Keyala munthu ankadziwika ndi nambala kuposa dzina. Mnyamata popita kukalembetsa ankatha kutchula dzina la paubwana, la kusimba kapena la kutchalitchi, ndipo kalaliki ankalemba mmene khutu lake lamvera. Mayina ngati Saidi ndi Juma adzaza m'mabukumo moti popanda nambala mukhoza kulirira agogo a eni. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nambala za asilikali ochokera kuno zinkayamba ndi zilembo DN. Chachiwiri chofunika ndi mudzi, mfumu ndi boma. Apanso samalani, chifukwa m'mapepala akalewo Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning.

Tsiku lina mayi wina anandibweretsera mamendulo awiri atawakulunga m'kansalu. Ina inali ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, ina yozungulira, siliva wake atada. Iwo ankati onse ndi a agogo awo. Nyenyeziyo inali Burma Star, ndipo kumbuyo kwake kunalibe dzina, pakuti mamendulo a nkhondo yachiwiri a Britain ankawapereka osalembapo. Yozungulirayo ndinaipendeketsa pawindo n'kuwauza kuti, "Mayi, tayang'anani m'mphepetemu." Munali nambala, udindo, dzina ndi gulu, monga ankachitira pa mamendulo a nkhondo yoyamba. Dzinalo linali la amalume awo a agogowo, munthu amene banja linali litayamba kumuiwala. Mayiwo anakhala chete kanthawi, kenako anaimbira foni azakhali awo kumudzi pomwepo.

Mukapeza nambala, njira zilipo. Ku Zomba kuli National Archives ya dziko lathu, ndipo pafupi ndi Cobbe Barracks pali nsanja ya chikumbutso pomwe panalembedwa mayina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba. Ngati munthu wanu sanabwerere, yesani tsamba la pa intaneti la bungwe la manda a asilikali lotchedwa Commonwealth War Graves Commission, ndipo muyese kalembedwe kangapo ka dzinalo. Ku Kew, mumzinda wa London, amasunga mabuku omwe bataliyoni iliyonse inkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Musayembekeze kuona dzina la agogo anu m'menemo. Olembawo ankatchula maofesala achizungu, asilikali akuda n'kumangowawerenga. Komabe ine mabukuwa ndimawakonda, chifukwa amakuuzani kumene gululo linagona, tsiku limene linaoloka mtsinje, ndi anthu angati anadwala malungo. Mukadziwa kuti agogo anali m'gulu la 11th East African Division, ndiye kuti mukhoza kuwalondola m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944, m'matope, mpaka kumtsinje wa Chindwin.

Chimene chimandipweteka mtima ndi nkhani ya amtengatenga. Pa nkhondo yoyamba, yomwe inafika kwathu kuno ndi kumenyana kwa ku Karonga mu 1914, asilikali ochokera ku Nyasaland analipo pafupifupi 19,000, koma osenza katundu anali pafupifupi 200,000. Melvin Page, amene analemba buku la The Chiwaya War, anadalira kwambiri kucheza ndi nkhalamba zomwe zinaona nkhondoyo, popeza mapepala sanena zambiri za anthu amenewa. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa, osalembedwa paliponse. Mu 2021 bungwe la manda a asilikali lija linavomereza poyera kuti Aafirika ambiri sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu.

Ngati kholo lanu linali mtengatenga, buku lanu ndi agogo aakazi amene adakali moyo kumudzi. Pitani ndi foni, muwapemphe kuti muwajambule mawu, ndipo musawathamangitse. Afunseni amene anabwera kudzatenga anthu, mfumu inali ndani, analowera njira iti, anabwerera ndi ndani. Mutsegulenso sutikesi yakale ija ili pansi pa bedi: buku lotulukira usilikali, chithunzi, ngakhale batani la yunifolomu, zonsezo mubwere nazo.