Msinkhu wa Maginito: Chiŵerengero Chimodzi M'malo mwa Zitatu

Cholinga cha pepala lino ndi kulongosola mlingo umene akatswiri a fizikisi amautcha magnetic scalar potential. Ife tiutcha msinkhu wa maginito, ndipo chifukwa cha dzinali chioneka m'munsimu.

Milingo ya zinthu zachilengedwe ilipo ya mitundu iŵiri. Ina imakwanira ndi chiŵerengero chimodzi, monga kutentha kwa m'chipinda. Ina, monga mphepo, siimveka pokhapokha titanena kukula kwake ndiponso kumene ikuloŵera. Mphamvu ya maginito ndi ya mtundu wachiŵiriwu. Kuti tiifotokoze pamalo amodzi pafunika ziŵerengero zitatu: kukoka kwake chakumpoto, chakum'maŵa ndi chapansi. Malo akachuluka, ntchito yoŵerengera imalemera kwambiri.

Tsono taganizirani za phiri. Munthu amene akudziŵa kutalika kwa malo alionse paphiripo sasoŵa kuuzidwa kumene madzi a mvula adzaloŵera, pakuti madzi amatsata kumene kwatsetsereka koposa. Chimodzimodzi, malo alionse tingawapatse chiŵerengero chimodzi, ndicho msinkhu wa maginito, ndipo mphamvu ya maginito imaloza kumene msinkhuwo ukutsika msanga. Pamene kutsikako kuli kwakukulu, mphamvunso ndi yaikulu. M'masamu amalemba kuti H = −∇ψ. Apa H ndi mphamvu ya maginito, ψ ndi msinkhu, ∇ ndi kutsetsereka kwake, ndipo chizindikiro chochotsera chikutanthauza kuti tikunka kumunsi. Msinkhuwu umayezedwa m'maampeya, pamene H amayezedwa m'maampeya pa mita imodzi. Siméon Denis Poisson wa ku France anagwiritsa ntchito maganizo otere m'chaka cha 1824 pofotokoza za chitsulo chokhala ndi maginito.

Koma njira imeneyi ili ndi malire. M'chaka cha 1820, Hans Christian Ørsted wa ku Copenhagen anaona kuti magetsi oyenda m'waya amapotoza singano ya kampasi. Mphamvu yotere imazungulira wayayo. Munthu akazungulira kamodzi waya wonyamula maampeya 5 n'kubwerera pamene anayambira, amapeza kuti msinkhu wasintha ndi maampeya 5. Akazungulira kaŵiri, wasintha ndi 10. Zili ngati makwerero ozungulira a nyumba yosanja: wokwera amafikanso pamwamba pa malo omwewo, koma ali pa msinkhu wina. Motero malo amodzi akhala ndi misinkhu yambiri, chinthu chimene paphiri sichingachitike. N'chifukwa chake mlingowu umagwira ntchito kokha kumene kulibe magetsi oyenda, ndiponso ngati njira imene tikutsata sikuzinga waya.

Phindu lake linaonekera m'chaka cha 1839, pamene Carl Friedrich Gauss wa ku Göttingen anafalitsa kafukufuku wake wa maginito a dziko lapansi. Popeza mpweya wa pafupi ndi nthaka sunyamula magetsi oŵerengeka, Gauss anatha kufotokoza mphamvu ya maginito ya dziko lonse ndi msinkhu umodzi, pogwiritsa ntchito ziŵerengero 24 zokha. Masamu akewo anasonyeza kuti gwero lalikulu la mphamvuyo lili m'kati mwa dziko, osati kumwamba. Lero tikudziŵa kuti gwerolo ndi chitsulo chosungunuka chimene chimayenda pansi pa nthaka, kuyambira pa kuya kwa makilomita pafupifupi 2,900. Chitsulocho sichikhazikika, choncho kumene kampasi imaloza kumasintha pang'onopang'ono. Pachifukwa ichi ndondomeko ya International Geomagnetic Reference Field, imene imatsatabe njira ya Gauss, imakonzedwanso zaka zisanu zilizonse, kuti oyeza malo ndi ofufuza miyala ya pansi adziŵe kusiyana kwa kumpoto kwa kampasi ndi kumpoto kwenikweni.

Pomaliza, liwu lakuti msinkhu tilimve mosamala. Kutalika kwa phiri kumaŵerengedwa kuchokera pa nyanja yamchere chifukwa anthu anapangana motero. Msinkhu wa maginito nawonso ulibe poyambira pake pachibadwa, ndipo chimene chimayezedwa ndi kusiyana kwa msinkhu pakati pa malo aŵiri.