Kufananitsa Mawu pa Kompyuta: Soundex, Levenshtein ndi Kalembedwe ka Chicheŵa

1. Chiyambi

Dzina limodzi likalembedwa mitundu iŵiri, munthu woŵerenga amalizindikira msanga, koma kompyuta imaliyesa maina aŵiri. Kotero m'kaundula wa chipatala kapena wa sukulu Phiri ndi Phili angasanduke anthu aŵiri, ndipo mbiri ya wodwala mmodzi ingagaŵanike. M'pepala lino tifotokoza ndondomeko zimene akatswiri anakonza pofuna kuthetsa vutoli, ndiponso tiona ngati zingathandize Chicheŵa.

2. Soundex

Ndondomeko ya Soundex inavomerezedwa m'dzina la Robert C. Russell mu 1918, ndipo boma la United States linaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1930 posanja maina a m'kalembera wa anthu. Lembo loyamba la dzina limasungidwa; malembo a liwu pamodzi ndi h, w ndi y amachotsedwa; otsalawo amapatsidwa manambala motere: b, f, p, v ndi 1; c, g, j, k, q, s, x, z ndi 2; d, t ndi 3; l ndi 4; m, n ndi 5; r ndi 6. Manambala amakhala atatu basi, ndipo akapereŵera timadzaza ndi 0. Motero Robert ndi Rupert onse amatuluka R163.

Tikaiyesa pa Chicheŵa tipeza zolakwa zamitundu itatu. Choyamba, imalekanitsa zimene ife timazimva ngati liwu limodzi. M'Chicheŵa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo, koma Phiri amakhala P600 pamene Phili ndi P400. Nyirenda ndi N653 pamene Nyilenda ndi N453. Chachiŵiri, imaphatikiza zimene ife timazisiyanitsa. Pochotsa h wosonyeza mpweya, pala ndi phala onse amakhala P400, ndipo kula ndi khula amakhala K400. Nkhodolero nayo siiŵerengedwa, kotero ng'oma ndi ngoma zimagwera pa N250. Chachitatu, imadalira lembo loyamba, pamene m'zinenero za Bantu kumayambiriro kwa liwu ndiko kumasinthasintha: munthu ndi M530, anthu ndi A530.

Metaphone, imene Lawrence Philips anafalitsa mu 1990, inakonza zambiri za Soundex, koma potsata katchulidwe ka Chingerezi. Iyo imaŵerenga ph ngati f, ndipo Phiri amamveka kwa iyo ngati Firi.

3. Mtunda wa Levenshtein

Njira ina siisamala katchulidwe konse. Mu 1965 Vladimir Levenshtein wa ku Soviet Union anafotokoza muyeso wa kutalikirana kwa mizere iŵiri ya zizindikiro: timaŵerenga kuti tifunika kuwonjezera, kuchotsa kapena kusintha malembo kangati, mwachidule ndithu, kuti liwu lina lisanduke linzake. Fred Damerau, mu 1964, anali ataŵerengeranso kusinthana malo kwa malembo aŵiri oyandikana ngati cholakwa chimodzi. Ubwino wa muyesowu ndi wakuti sukondera chinenero chilichonse. Koma kusakondera komweko ndiko kufooka kwake: mtunda wa Phiri ndi Phili ndi 1, ndipo wa pala ndi phala ndi 1 yemweyo, chikhalirecho kusiyana koyamba n'kwa kalembedwe chabe pamene kwachiŵiri n'kwa tanthauzo.

4. Zofunika m'Chicheŵa

Kusiyana kwa kalembedwe kathu sikungochitika mwachisawawa. Kuli ndi mbiri yake. Malamulo a Bungwe la Chicheŵa a mu 1973 anati r azilembedwa pambuyo pa i ndi e, ndipo l m'malo ena onse, koma olemba ambiri satsata zimenezi. Lembo la ŵ ena amalilemba, ena ayi. Ku Zambia amalemba c pamene ku Malaŵi timalemba ch, monga Cinyanja ndi Chinyanja. Popeza kusiyanaku n'kodziŵika, kungathe kulembedwa ngati malamulo.

Tsono tiganiza kuti ndondomeko yoyenera Chicheŵa iyende masitepe atatu. Iyambe yagwirizanitsa l ndi r, ŵ ndi w, c wa ku Zambia ndi ch wa ku Malaŵi. Kenaka, pa mawu amene si maina a anthu, ichotse mphatikiram'mbuyo kuti ifananitse matsinde okhaokha. Pomaliza iŵerenge mtunda wa Levenshtein, koma ph, th, kh, ng' ndi ny atengedwe ngati lembo limodzi lililonse, ndipo kusintha kumene kumakhudza tanthauzo kulemere koposa kumene sikulikhudza.

5. Mathero

Ntchito imeneyi siingasiyidwe m'manja mwa akatswiri a kompyuta okha. Kunena kuti malembo aŵa ndi liwu limodzi, koma awo ndi mawu aŵiri, ndi chigamulo cha akatswiri a chinenero. Ndipo okonza malamulo a kalembedwe ayenera kukumbukira kuti lamulo lililonse latsopano limasiya makaundula ndi mabuku akale m'kalembedwe kakale, amene afunikabe kufufuzidwa.