Zinthu 6 zodabwitsa za guluu m'thanki ya mbuna

Mbuna za m'nyanja ya Malawi zadzaza m'nyumba za anthu ku Germany ndi ku America; Stuart Grant anayamba kuzitumiza kunja kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970. Ikakhala m'thanki ya galasi pabalaza, nsombayi imafuna miyala yosanja, kenako imakumba mchenga kunsi kwake mpaka mulu kugumuka n'kuswa galasi. Mpake kumata miyalayo. Musanalowe m'sitolo za pa Chichiri kapena kukwera minibasi ya ku Limbe kukasaka guluu, tamvani izi.

1. Silikoni wonunkha viniga ndiye wabwino. Fungo loboola m'mphunolo ndi asidi amene amatuluka pouma, ndipo akatha, chotsalacho sichivulaza nsomba. Woopsa ndi uja wa kubafa ndi kukhitchini, wolembedwa kuti amaletsa chuku. Muli mankhwala amene amasungunukira m'madzi pang'onopang'ono, nsomba n'kumafa imodziimodzi, mwini wake ali kalikiliki kunamizira madzi a pampopi. Chubu chake n'chokongola ndithu, koma chisiyeni pashelefu. Funani wolembedwa kuti ndi wa matanki a nsomba.

2. Supaguluu wa pa okala sapha nsomba akauma. Chomuumitsa ndi chinyezi, n'chifukwa chake amagwira zala msanga kuposa mbale yomwe mukumata. Harry Coover wa ku America anamupeza mwangozi mu 1942 akufufuza pulasitiki yoonekera ya pamfuti zankhondo, ndipo kampani ya Eastman Kodak inayamba kumugulitsa mu 1958. Wolimba ngati phala ndiye woyenera kumatira zomera pamwala. Vuto lake n'loti amasiya banga loyera.

3. Kachidutswa ka tishu kapena thonje kamagwirizanitsa miyala iwiri yokhakhala. Mukapanikiza pampata n'kudonthezera supaguluu wamadzimadzi, kamauma gwa m'kamphindi. Koma pamatuluka kutentha ndi kautsi kolasa m'maso, choncho chitirani pakhonde.

4. Silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale. Thanki ikamadontha pakona, kupaka pamwamba n'kungodzinamiza. Chotsani nsomba, khuthulani madzi, palani wakale yense ndi lezala, pukutani galasi ndi sipiriti, ndiye muyambe. Zikuoneka ngati chintchito, koma lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 200 ndi matumba anayi a chimanga atatsamira pa msoko wa silikoniwo usana ndi usiku.

5. Silikoni amauma msanga kukakhala chinyezi ndi kutentha, monga m'dzinja, ndipo amachedwa mu June ndi July kukazizira. Amayamba kuuma kunja kulowa m'kati, mamilimita awiri kapena atatu patsiku, kotero pamwamba pangaoneke pouma m'kati muli phala. Dikirani maola osachepera 48. Ngati mwapaka mochindikala, sabata yathunthu.

6. Simenti yatsopano yomatira miyala imapha ngakhale mbuna. Inde, zinazolowera madzi a m'nyanja a pH ya cha m'ma 8, koma simenti yosaviika imatulutsa laimu wokweza madzi a m'thanki kupitirira pamenepo kutalitali. Iviikeni masabata angapo, mukusintha madzi, musanaiike m'thanki. Guluu wa okonza nsapato uja ndiye asayandikire n'komwe: muli mankhwala osungunula amene ngakhale munthu amamuchititsa chizungulire.